Pakhonde la Mabuku: Za Chilembwe, Nduna za 1964, Mabaibulo ndi Chiswe

Makalata ambiri a mwezi uno akukhudza mabuku ofotokoza zinthu zimene zinachitikadi: mbiri ya dziko, mbiri ya moyo wa munthu yolemba mwiniwake, ndi zachipembedzo. Ena afunsa, ena angotiuza maganizo awo, ena achita zonse ziwiri mokalipa ndithu. Oyankha ndi omwe aja: mphunzitsi wa mbiri, woyang'anira laibulale ndi mphunzitsi wa Baibulo. Makalatawo tawafupikitsa.

Bambo wina wa ku Chiradzulu: Ndawerenga mabuku awiri onena za John Chilembwe. La azungu awiri lija, Independent African, ndi lalitali ndipo pena paliponse likungoti "mwina", "zikuoneka ngati". La George Mwase, Strike a Blow and Die, limalasa mtima, munthu umachita kumumva Chilembwe akulankhula. Kwa ine loona ndi la Mwase, poti wolemba wake ndi Mmalawi mnzathu. Ndalakwa?

Yankho: Kulikonda simunalakwe, bambo, koma chifukwa chimene mwaperekacho sichingaime pabwalo. Mwase sanali ku Mbombwe, kumene kunali mishoni ya Chilembwe, pa nthawi ya kuukira kwa mu Januwale 1915. Anali Mtonga wa kumpoto, kalaliki wa boma, ndipo analemba nkhaniyo ali m'ndende ku Zomba cha m'ma 1931 ndi 1932. Za Chilembwe anazimva kwa mkaidi mnzake, Wallace Kampingo, mmodzi mwa otsatira a Chilembwe. Ndiye mawu okulasaniwo onani njira imene anayenda: anatuluka m'kamwa mwa Chilembwe, anagona m'mutu mwa munthu wina zaka 16, Mwase anawaika m'Chingerezi chake, kenako Robert Rotberg anawakonza n'kuwasindikiza mu 1967. Ngakhale dzina la bukulo linabwera posindikiza, Mwase analipatsa lina lalitali. Bukuli ndi lamtengo wapatali potisonyeza mmene Mmalawi wophunzira ankamuonera Chilembwe m'nthawi ya atsamunda. Silili kaseti ya mawu ake.

"Mwina" wa George Shepperson ndi Thomas Price, amene buku lawo la Independent African linatuluka mu 1958, si mantha. Zimene Chilembwe analemba yekha zinatsala zochepa: makalata opita kwa Abaptisti a ku America amene ankamuthandiza, ndi kalata ija ya mu Novembala 1914 yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni ake. Tchalitchi chake boma linachiphwasula ndi mabomba, anthu oposa 30 anaphedwa ataweruzidwa, ndipo mu 1919 moto unapsereza maofesi a boma ku Zomba pamodzi ndi mapepala ambiri. Wolemba amene angakuuzeni mosadodoma zonse zimene zinali mumtima mwa Chilembwe, muzimufunsa kumene wazitenga.

Yesani izi. Tengani pepala, mulembe mizere inayi yotsika: wanena ndani, analipo kodi, ananena liti, ankauza yani. Kenako tsatirani chinthu chimodzi chokha m'mabuku onse, mwachitsanzo usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915. Mupeza kuti pa zochitika sasiyana kwenikweni: gulu lina linapita ku Magomero pa esiteti ya A.L. Bruce n'kupha William Jervis Livingstone, azungu ophedwa onse anali atatu, akazi ndi ana sanaphedwe, gulu lina linakathyola nyumba ya mfuti ku Mandala koma linabwerako ndi zochepa, ndipo Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale. Amasiyana pa cholinga. Kodi ankafuna kulanda boma, kapena ankadziwa kuti afa ndipo ankangofuna kuti magazi ake alankhule? Lachiwirili mizu yake ili mwa Mwase, ndipo mzere wanu wa "analipo kodi" ukuuzani kulemera kwake.

Pali mabuku ena awiri amene angakutsegulireni mbali zimene awiriwo safika. Voices from the Chilembwe Rising, limene John McCracken anakonza mu 2015, lili ndi umboni umene anthu anapereka ku bungwe lofufuza la boma mu 1915, kuphatikizapo wa Amalawi monga m'busa Harry Kambwiri Matecheta. Powerenga muzikumbukira kuti ankalankhula pamaso pa azungu anzawo atangonyongedwa kumene, ndiye simupezamo woyamikira Chilembwe. Koma mverani zimene ankadandaula: thangata, chikoti, ndi kuvulitsidwa chipewa ukakumana ndi mzungu panjira. Lina ndi Magomero la Landeg White, la 1987, lonena za moyo wa Alomwe ogwira ntchito pa esitetiyo. Wongoyamba kumene ayambire pa Let Us Die for Africa la D.D. Phiri, limene Chingerezi chake sichitopetsa.

Mayi wina wa ku Dowa: Kwathu kuli mkangano wa ufumu wa m'mudzi. Amalume akuti dzina la kholo lathu lili m'buku la Mbiri ya Achewa la a Nthara, ndiye tikaonetse kwa a T/A nkhani ithe. Buku lingathetse mlandu wotere?

Yankho: Lingakupatseni poyambira kulankhula, mayi, koma silingagamule. A Samuel Nthara, amene m'mabuku akale dzina lawo limalembedwa kuti Ntara, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo anasonkhanitsa zimene akuluakulu anawauza. Bukulo linatuluka m'zaka za m'ma 1940, ndipo la Chingerezi, lokhala ndi ndemanga za Harry Langworthy, linatuluka mu 1973. Limagwira bwino nkhani zikuluzikulu: ulendo wa makolo, Aphiri ndi Abanda, Kalonga, kupatuka kwa Undi, Makewana ku Msinja.

Vuto la mlandu wanu ndi lakuti dzina la ufumu amalowana. Mukapeza dzinalo m'buku, mwangotsimikiza kuti ufumuwo ndi wakale, zimene ndi kale lomwe mbali zonse ziwiri zikuvomereza. Chimene mukukanganirana ndi bere: woyenera kulowa achokere kwa mayi uti, bere lalikulu kapena laling'ono, kapena ngati mabere amasinthana. Zimenezo buku lonena za mtundu wonse silifikako. Komanso nkhalamba iliyonse imene inkauza a Nthara inali ndi kwawo. Inali nthawi imene atsamunda anali atangokhazikitsa lamulo la 1933 lopatsa mafumu ena mphamvu ndi mabwalo a milandu, ndipo banja lililonse linkafuna kuti mbiri ilikomere.

Chothandiza ndi ichi. Khalani pansi ndi amayi akuluakulu a mbumba yanu, mbali zonse ngati zingatheke. Papepala lalikulu yambani ndi kholo lachikazi limene nonse mumalivomereza, pansi pake ana ake aakazi motsatana ndi kubadwa, kenako ana a aliyense. Lembani mafumu onse amene analowa dzinalo, mayina awo aubwana, ndi mayi wa aliyense. Nthawi zambiri pepalalo limasonyeza lokha mmene ufumu wakhala ukuyendera. Ngati mukufunanso cholembedwa, ku National Archives ku Zomba kuli mabuku amene ma DC ankalembamo mayina a midzi ndi a nyakwawa chifukwa cha msonkho. Nawonso muwatenge mosamala: mayina ankawalemba mopotoka, ndipo pena amene ankamulemba kuti ndi mfumu anali munthu amene ankangotolera msonkhoyo.

Mnyamata wa ku Mangochi amene akukhala ku Johannesburg: Ndawerenga Kwacha la Kanyama Chiume ndi Fearless Fighter la Vera Chirwa. Aliyense ndi woyera, wolakwa ndi Kamuzu yekha. Mabuku a anthu odzilembera mbiri yawo ndi kudziyeretsa chabe. Ndikufuna buku limodzi losakondera lonena za mkangano wa nduna wa 1964.

Yankho: Achimwene, munthu sadzimangira mlandu m'buku lake, pamenepo mwalasa. Koma buku limodzi losakondera mulifunafuna mpaka imvi. Chiume anasindikiza lake mu 1975 ali kothawira. Mayi Chirwa analemba lawo, la 2007, atakhala m'ndende kuyambira kumapeto kwa 1981 mpaka Januwale 1993, amuna awo a Orton atafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. La Henry Masauko Chipembere, Hero of the Nation, silifika n'komwe pa 1964, poti mwiniwake anamwalira ku America mu 1975 asanalimalize. Kamuzu sanasiye buku la moyo wake. Andrew Ross, wolemba Colonialism to Cabinet Crisis, anali m'busa wa ku Scotland komanso bwenzi la ndunazo. Colin Baker, wolemba Revolt of the Ministers, anagwirapo ntchito m'boma la atsamunda ndipo amadalira kwambiri mapepala a boma ndi zokumbukira za azungu a m'maofesi. Aliyense ali ndi pamene anaima.

Mafupa a nkhaniyo sasintha. Ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964. Pa 26 Ogasiti nduna zinamupanikiza Kamuzu pa nkhani ya tiki (mapeni atatu) yolipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ubale ndi Apwitikizi, thandizo la ku China, ndi kuchita zinthu yekha. Pa 7 Sepitembala anachotsa Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ena anatula okha pansi udindo, ndipo Chipembere atabwera kuchokera ku Canada anagwirizana nawo. Mawu a mbali zonse, onenedwa nkhani ikadali yamoto, ali mu Hansard, buku la zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo, ya pa 8 ndi 9 Sepitembala. Mbali ya Kamuzu mukaipeze mmenemo.

Buku la munthu wodzilembera muziliwerenga ndi pensulo. M'mphepete ikani chizindikiro china pa zimene anaona ndi maso, china pa zimene anamva kwa ena, china pa zimene akuganiza lero. Mutu wa munthu umasokoneza ndondomeko ya masiku, chiwerengero cha anthu, ndi mawu enieni amene ananenedwa pa msonkhano wa zaka 30 zapitazo. Umasunga bwino malo, chakudya, fungo, ndi manyazi amene munthu anachititsidwa. N'chifukwa chake mabuku a kundende amalimba. Sam Mpasu analowa ku Mikuyu mu 1975 n'kulemba Political Prisoner 3/75, ndipo Jack Mapanje analowa komweko mu 1987 n'kulemba And Crocodiles Are Hungry at Night. Anthu awiri, zaka 12 pakati pawo, ndende imodzi. Pamene akufanana, pamenepo mukhoza kupondapo ndi mapazi onse awiri.

Mkulu wa mpingo wa ku Ntcheu: Achinyamata akubwera ndi Buku Loyera kutchalitchi. Pamene Buku Lopatulika likuti Yehova, lawolo likuti Chauta. Kodi Chauta si wa makolo uja ankamupempha mvula pansi pa mtengo? Baibulo lenileni ndi liti?

Yankho: Onse awiri ndi omasuliridwa, bambo, ndipo lenilenilo lili m'Chihebri ndi m'Chigiriki. M'Chihebri dzina la Mulungu limalembedwa ndi zilembo zinayi, YHWH, popanda mavawelo. Ayuda anasiya kulitchula, ndipo akafika pamenepo ankawerenga kuti Adonai, ndiye kuti Ambuye. Kuphatikiza zilembo zinayizo ndi mavawelo a Adonai ndi kumene kunabala Yehova. Akatswiri ambiri amati katchulidwe kakale kanali Yahweh, ndipo Malembo Oyera, Baibulo la Akatolika la 1966, linatsata pamenepo n'kulemba Yahve. Omasulira Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998 Akatolika ndi mipingo ina atagwirira ntchito limodzi, anasankha dzina limene anthu ankalidziwa kale. Kuti Chauta ankapemphedwa mvula ndi zoona. Koma dzina lakuti Mulungu nalonso amishoni analipeza kuno, sanabwere nalo pa sitima. Amene amakana Chauta ali ndi mfundo yawo, yakuti dzina la Mulungu wa Israele lisalowedwe m'malo ndi lina, ndipo mkanganowo ndi wa anthu ophunzira mbali zonse.

Kusiyana kwakukulu sikuli pa dzinalo koma pa kamasuliridwe. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922. Ntchitoyo ankatsogolera ndi William Murray wa mishoni ya Adatchi, amene anagwira gawo lalikulu paphiri la Kaso ku Mvera, mothandizana ndi amishoni a ku Blantyre ndi aphunzitsi achimalawi. Ankafuna chinenero chimodzi chomveka kwa Achewa ndi Amang'anja omwe, ndipo ankatsata liwu ndi liwu. N'chifukwa chake mavesi ambiri amayamba ndi "ndipo", motsata Chihebri, komanso muli mawu monga "nati" ndi "nanena naye" amene mwana wa lero sawamva pamsika. Buku Loyera limatsata tanthauzo. Chimene Lopatulika limati chihema chokomanako, Loyera limati chihema chamsonkhano. Tsegulani Aefeso 1:3-14, imene m'Chigiriki ndi chiganizo chimodzi chachitali: Lopatulika limakoka mpweya nacho, Loyera limachidula zidutswa. Mtengo wa kudulako ndi wakuti womasulira amakhala wakusankhirani tanthauzo limodzi pamene mawu oyambirira akanatha kumveka pawiri.

Pa phunziro la Baibulo la kumphakati kapena la achinyamata, werengani ndimeyo mu Loyera kaye kuti nkhani imveke, kenako mu Lopatulika pang'onopang'ono. Pamene akusiyana, imani, poti nthawi zambiri ndi pamene pali mfundo yovuta. Powerenga molandizana m'chipembedzo, sankhani limodzi ndipo mulengeze, apo ayi mpingo umamveka ngati msika wa Lizulu. Mavesi oloweza a Sande sukulu akhalenso a Baibulo limodzi chaka chonse.

Pogula onani zinthu ziwiri. Buku Loyera lilipo la mabuku 66 ndi lina lokhala ndi mabuku owonjezera amene Akatolika amawerenga, monga Tobiti, Yuditi, Baruki ndi Amakabeo. Buku Lopatulika lilipo la kalembedwe kakale, kolemba "cifukwa" m'malo mwa "chifukwa", ndi la kalembedwe katsopano. Kwa mwana wa sukulu, gulani latsopanolo.

Bambo wina wa ku Dedza: Mabuku onse a gule wamkulu ndi a chipembedzo cha makolo amene ndaona analemba ndi ansembe achizungu. Angadziwe chiyani za kudambwe?

Yankho: Dandaulo lanu lili ndi mutu. J.W.M. van Breugel wa Chewa Traditional Religion, Matthew Schoffeleers wa River of Blood lonena za Mbona ku Khulubvi, ndi Claude Boucher amene anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni ku Mua mu 1976, onse anali ansembe a Katolika, ndipo mpingo wawo unalimbana ndi nyau koopsa m'zaka za m'ma 1920, nkhani imene Ian Linden anaifotokoza m'buku lake la 1974. Koma anthuwa ankalankhula chinenero chathu, anakhala m'midzi zaka zambiri, ndipo analemba mawu a nyimbo ndi mayina a zilombo zimene zina lero sizitulukanso. Muwakhulupirire pa zimene anaona pabwalo ndi zimene anauzidwa, makamaka akatchula mudzi ndi chaka. Muchenjere nawo akayamba kumasulira kuti ichi chikuimira chakuti, chifukwa pamenepo maphunziro a kuseminale amalowerera. Kumbukiraninso kuti gule wa ku Dedza si wa ku Kasungu kapena wa ku Katete. Za kudambwe zenizeni eni ake salemba, ndipo tsamba lino silingawauze kuti ayambe.

Mayi wina wa ku Nkhotakota: Tili ndi Baibulo la malemu agogo aamuna. Kutsogolo kwake analembamo ndi inki masiku obadwa a ana awo onse. Tsopano masamba akuthothoka, muli timabowo, ndipo mukutuluka fumbi ngati ufa. Mlamu wanga akuti tilipopere mankhwala a udzudzu kenako timate ndi selotepi.

Yankho: Alamu anuwo muwaletse zonse ziwiri. Mankhwala opopera ali ndi mafuta amene amathimbiriritsa pepala ndi kusungunula inki, ndipo safika kwa mphutsi zili mkati mwa msana wa buku. Selotepi pakapita zaka zingapo imauma n'kugwa, koma guluu wake amatsala atalowa m'pepala, wachikasu, ndipo sachoka. Kumata masamba m'pulasitiki ya moto ija n'koipa kuposa pamenepo, poti sikubwezeka.

Musanachite china chilichonse, jambulani ndi foni masamba onse olembedwa pamanja. Chitani masana pamthunzi, osayatsa kuwala kwa foni, buku litagona pansalu yoyera, ndipo zithunzizo mutumize kwa abale atatu okhala kosiyana. Pepala limodzi pamalo amodzi silichedwa kutha: laibulale yonse ya yunivesite ya Mzuzu inapsa usiku umodzi mu Disembala 2015.

Kenako dziwani mdani. Chiswe chimasiya dothi ndipo chimadya kuchokera pansi kapena kukhoma. Mphemvu zimanyambita chikuto n'kusiya zigamba zoyererako. Makoswe amatafuna m'mphepete. Timabowo tozungulira ngati toboola ndi singano, totuluka ufa, ndi ta mphutsi za tizilombo tofanana ndi anankafumbwe, ndipo zimenezi ndiye zanu. Ufa ukakhala woyera, watsopano, ndiye kuti zikadali zamoyo.

Lichotseni pakati pa mabuku ena. Panja, mutamanga kansalu pamphuno, sesani tsamba lililonse ndi kaburashi kofewa kouma, kuchokera kumsana kupita kunja. Pophera tizilomboto, njira yosawononga pepala ndi kuzizira. Buku likhale louma bwino. Likulungeni m'pepala loyera, muliike m'majumbo awiri, mufinye mpweya wonse n'kumanga zolimba. Liikeni m'firiji youmitsa nyama, yofika madigiri 18 pansi pa ziro, osati mbali yoikamo zakumwa, kwa masiku osachepera 7. Magetsi akazima nthawi yaitali mpaka nyama kufewa, yambaninso kuwerenga masikuwo. Mukalitulutsa musamasule jumbo kwa tsiku lathunthu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: buku lozizira likakumana ndi mpweya wofunda limachita thukuta, inki n'kuyenderera. Likakhala lomangabe, thukutalo limagwera kunja kwa jumbo.

Masamba othothoka musawamate. Abwezereni m'malo mwake, mulimange buku lonse ndi kansalu koyera kopyapyala, osati labala, mfundo ikhale kumbali. Lisungeni logona m'katoni yoyera pashelefu yotalikira masentimita 15 kuchokera pansi ndi kukhoma lomwe. Musalisiye m'jumbo, poti ndi chinyezi cha kunyanja kwanuko lichita chuku. Sutikesi ya pansi pa bedi ndi nkhokwe ya chiswe. Muzilitsegula mvula ikamayamba ndiponso ikamatha.

Likadzanyowa ndi denga lodontha, chuku chimayamba pasanathe masiku awiri. Osaliyanika padzuwa, limapindika. Liimikeni motsegula pamthunzi podutsa mphepo, muike pepala loyera losalembapo pakati pa masamba 20 alionse, muzisintha likanyowa, ndipo likatsala pang'ono kuuma mulitsendereze ndi thabwa ndi njerwa pamwamba. Masamba a Baibulo ndi opyapyala kwambiri, ndiye omatana musawakoke akadali onyowa.

Mtsikana wina wa ku Mulanje: Agogo anga ali ndi zaka pafupifupi 85 ndipo anagwirako ntchito kumigodi ku Joni. Nditawerenga I Will Try la Legson Kayira ndinaganiza kuti nawonso nkhani yawo ndi buku. Koma zaka sakumbukira, ndipo nkhani amazisakaniza. Ndiyambire pati?

Yankho: Yambani sabata ino, achemwali, ndipo musayambe ndi kulemba. Yambani ndi kujambula mawu. Auzeni agogo chimene mukufuna kuchita ndi nkhanizo, avomere mawu awo akujambulidwa. Foni ikhale yodzaza moto, muitseke kuti isalandire mafoni, muiike pansalu yopinda pafupifupi masentimita 30 kuchokera pakamwa pawo. Pewani nthawi ya mvula ngati nyumba ndi yamalata, ndiponso pafupi ndi chigayo kapena wailesi. Poyamba penipeni nenani tsiku, malo ndi amene alipo. Mphindi 45 zakwana, nkhalamba ikatopa imangovomera chilichonse. Maulendo 8 kapena 10 aafupi amaposa tsiku limodzi lathunthu. M'mawa atamwa phala ndi bwino kuposa madzulo.

Musawafunse kuti chinali chaka chanji. Afunseni kuti munali mutakwatira kodi, mwana woyamba anali atabadwa, munkalipidwa mapaundi kapena makwacha. Zaka muziika nokha pogwiritsa ntchito zikhomo zodziwika: njala ya 1949, chitaganya mu 1953, kumangidwa kwa Kamuzu pa 3 Malichi 1959, ufulu mu 1964, kubwera kwa kwacha ndi tambala mu 1971, napolo wa ku Phalombe mu 1991, riferendamu ya 14 Juni 1993. Kwa a kumigodi chikhomo chachikulu ndi ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, imene inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Kulembako kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kutha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Agogo akati Wenela kapena akati Teba, akupatsani kale theka la yankho.

Funso lakuti "moyo unali bwanji" limabala yankho lakuti "unali wovuta" basi. Funsani zogwirika: anakulemberani kuti, anakuyezani bwanji, munkagona angati m'chipinda, munkadya chiyani, kapitawo ankakuitanani dzina lanji, munabwera ndi chiyani m'bokosi. Ngati ali ndi chitupa, chithunzi, chipewa cha mumgodi kapena bulangete la nthawi imeneyo, chiikeni m'manja mwawo n'kukhala chete. Akayamba nyimbo kapena mawu a Chifanakalo, chinenero cha kumigodi, musawadule. Akasakaniza nkhani musawakonze pomwepo, lembani pambali mudzafunse ulendo wina.

Ola limodzi la mawu limadya maola 5 kapena 6 polemba. Lembani mmene alankhulira, Chilomwe chikhale Chilomwe, kumasulira kubwere pambuyo. Kafunseninso agogo aakazi kapena alongo awo, paokha, za zaka zimene bambowo kunalibe: ndalama zinkafika bwanji, munda ankalima ndani. Zonena za anthu amene akadali moyo, monga za chigololo, ufiti kapena kuba, musinthe mayina kapena muzisiye. Mukadzafika posindikiza, nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku, imaperekedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo lamulo limafuna kuti mukasiyeko kope la bukulo. Mawu ojambulidwawo musawafufute buku likatuluka. Asungeni pa kompyuta, pa memori khadi ndi pa intaneti, fayilo iliyonse ili ndi tsiku lake.